Mkuwa sitisema, timauthira

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya ziboliboli, amaganiza kuti tsiku lonse ndimakhalira kugoba mtengo ndi kasemasema. Ena amandifunsa kuti munthu angaseme bwanji mkuwa, chitsulo cholimba chonchija. Mkuwa sitisema ayi. Kuti nkhaniyi imveke, nditengepo Marino Marini, mmisiri wa ku Italy amene ntchito zake ndimakonda kuonetsa ophunzira anga.

Marini anabadwira ku Pistoia, m'chigawo cha Tuscany, mu 1901, ndipo mu 1917 analowa sukulu ya zaluso ku Florence. Mu 1929 analowa m'malo mwa Arturo Martini pa uphunzitsi ku Monza, pafupi ndi Milan, kenako mu 1940 anakayamba kuphunzitsa ku Accademia di Brera. Munthu wophunzitsa luso limeneli amathera nthawi yambiri pa zinthu zimene woonera sadzaziona n'komwe.

Choyamba ndi mafupa. Timapinda zitsulo ndi waya, kuzikhomera pa thabwa, kuti dongo lipeze pogwira. Mafupa akalakwika, ngakhale nkhope ikongole chotani, m'mawa udzapeza mutu uli pansi. Tikaumba ndi dongo, timapanga chikombole cha pulasitala. M'kati mwa chikombolecho timapaka phula lopyapyala, ndipo phulalo limatuluka ndi maonekedwe onse a dongo lija, ngakhale zidindo za zala. Timalikuta m'kati ndi kunja ndi dothi losapsa ndi moto, n'kuliika m'ng'anjo. Phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo amene lasiyawo ndimo timathiramo mkuwa wosakaniza ndi tini, wotentha kupitirira madigiri 1,000. N'chifukwa chake chiboliboli cha mkuwa chimakhala champhako, mukachigogoda chimalira. Ntchito yothirayi kawirikawiri amagwira ndi amisiri ena a ng'anjo, amene mayina awo salembedwa pa khoma la nyumba yoonetsera.

Ambiri chiboliboli chikatuluka m'ng'anjo amachisalaza mpaka chinyezimire. Marini ankachibwereranso ndi tchizulo, kuchikanda, kuchipaka mankhwala odya chitsulo, mpaka chioneke ngati chofukulidwa m'nthaka. Sikuti kunali kusasamala. Anakulira m'dziko la Aetruscan, anthu amene analipo ufumu wa Roma usanakule, ndipo ankafuna kuti ntchito zake zikhale pa ubale ndi zoumba zawo zakalezo.

Chimene anatchuka nacho ndi munthu wokwera hatchi. Ku Italy mutu umenewu ndi wakale kwambiri. Ku Rome kuli mfumu Marcus Aurelius pa hatchi yamkuwa, ku Padua kuli Gattamelata amene Donatello anamaliza mu 1453. Onsewa akutiuza chinthu chimodzi: wokwerayo ndi mwini mphamvu, hatchi ikumumvera. Okwera a Marini a m'ma 1930 alibe lupanga, alibe udindo, komabe akhala phee. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itafika, mabomba anawononga malo ake ogwirira ntchito ku Milan, ndipo iye ndi mkazi wake Mercedes Pedrazzini anathawira ku Tenero, ku Switzerland. Kuyambira pamenepo hatchi inayamba kuumitsa khosi. Mu L'angelo della città cha mu 1948, chimene chili panyumba ya Peggy Guggenheim ku Venice, wokwera watambasula manja, nkhope kumwamba. M'ziboliboli za m'ma 1950 zotchedwa Miracolo, hatchi yadzuka kapena yagwada, munthu akupululuka chagada.

Olemba zaluso amati apa tikuona mantha a Ulaya nkhondo itatha, ndipo sakunama. Koma ine ndikaima kutsogolo kwa chithunzi cha Miracolo ndi ophunzira, ndimawafunsa zina: chinthu chikugwachi chaima bwanji? Munthu akugwa, koma mkuwa suyenera kugwa. Kulemera konse kuyenera kutsikira pa miyendo imene yagunda pansi, apo ayi chiboliboli chipendekera kapena mwendo uthyoka. Marini amawongola miyendo ya hatchi ngati nsanamira, amatalikitsa khosi mbali imodzi kuti lilimbane ndi thupi la munthu mbali inayo. Diso limaona ngozi, pamene kulemera kwakhazikika bwinobwino. Kwa ine luso lake lili pamenepo, kuposa pa mphoto yaikulu ya ziboliboli imene analandira pa chionetsero cha Venice Biennale mu 1952.

Funso lina limene limabwera ndi lakuti chenicheni ndi chiti. Poti pali chikombole, mmisiri atha kuthira chiboliboli chimodzi kangapo, ndipo zonsezo ndi zake malinga anavomereza. L'angelo della città cha ku Venice chija chili ndi chinzake ku Getty Center ku Los Angeles. Marini anamwalira ku Viareggio mu 1980, ndipo mu 1988 tchalitchi chakale cha San Pancrazio ku Florence chinatsegulidwa ngati nyumba yosungira ntchito zake. Wophunzira wanga atakhala ndi mwayi wopita kumeneko, ndingamuuze kuti ayambe waona zapulasitala asanafike pa zamkuwa, chifukwa pulasitala ndiye anadutsa m'manja mwa Marini ng'anjo isanayatsidwe.