Wogwidwa Kachiwiri Akuyendetsa Ataledzera: Kodi Lamulo Likuti Chiyani?

Ena mwa ovulala amene timalandira m'zipatala zathu usiku amakhala atawombedwa ndi galimoto kapena atagwa pa njinga yamoto, kaamba koti woyendetsa anali atalawako kachasu kapena masese. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa oyendetsa amenewa anagwidwapo kale pa mlandu womwewo. Mwezi uno tifotokoze zimene munthu wotere amakumana nazo kubwalo la milandu.

Zimene lamulo limaletsa

Lamulo la za pamsewu la chaka cha 1997 limaletsa munthu kuyendetsa galimoto ataledzera, kapena pamene mowa m'thupi mwake wafika magalamu 0.08 pa mamililita 100 alionse a magazi. Lamuloli limakhudzanso njinga yamoto, motero anyamata a kabaza asaganize kuti siliwakhudza. Apolisi amayeza mpweya wa m'kamwa ndi kachipangizo kopumiramo, ndipo magazi angathenso kuyezedwa kuchipatala.

Kusiyana kwa woyamba ndi wobwereza

Malamulo oyendetsera milandu amati munthu amene sanapezekepo wolakwa asatumizidwe kundende, pokhapokha bwalo litaona kuti palibe chilango china chomuyenera. Wobwereza mlandu alibenso chitetezo chimenechi. Akangopezeka wolakwa, woimira boma amauza bwalo za mlandu wake wakale, ndipo woweruza angathe kumulipitsa chindapusa chochuluka, kumutumiza kundende, ndiponso kuimitsa kapena kulanda chiphaso chake choyendetsera. Kwa dalaivala wa minibasi kapena wa lole, kulandidwa chiphaso ndiko kutha kwa ntchito, ndipo ovutika ndi ana kunyumba. Ngati pangoziyo pafa munthu, mlandu umakula kwambiri, ndipo achibale a womwalirayo angathe kukasuma padera kuti apatsidwe chipukuta misozi.

Njira zodzitetezera

Ngakhale wobwereza ali ndi ufulu. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 amati womangidwa auzidwe chifukwa chake, akaonekere kubwalo pasanathe maola 48, ndipo atengedwe ngati wosalakwa kufikira umboni utamutsutsa. Ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya. Wosauka angapemphe thandizo ku bungwe la boma la Legal Aid Bureau.

Kubwalo, ndi udindo wa boma kusonyeza kuti woimbidwa mlanduyo ndiye ankayendetsa, ndi kuti analidi ataledzera. Iye angathe kufunsa mboni ngati kachipangizo kaja kankagwira bwino ntchito, ndiponso ngati magazi oyezedwawo analidi ake. Ngati mlandu wakale umene watchulidwa si wake, aukane pomwepo. Koma kunena kuti "ndinangomwa pang'ono" kapena "njirayo ndimaidziwa" sikungamupulumutse.

Amene akudziwa kuti walakwadi amachita bwino kuvomera msanga, pakuti bwalo limaganizira zimenezi popereka chilango. Amapatsidwanso mpata wodandaula, ndipo apo angafotokoze za banja lake ndi kusonyeza kuti wayamba kulandira chithandizo choti aleke mowa. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti angachite apilo ku High Court. Kupereka chiphuphu kwa wapolisi ndi mlandu winanso, ndipo kumangowonjezera mavuto.

Mawu kwa inu awerengi

Chiwindi chimachotsa mowa m'magazi pang'onopang'ono. Tiyi, khofi kapena kusamba madzi ozizira sizifulumizitsa ntchitoyi, ndipo amene wamwa usiku wonse angadzuke m'mawa mowa ukadali m'magazi. Munthu amene walangidwa kamodzi koma n'kubwerezanso, kawirikawiri ndiye kuti mowa wayamba kumulamulira. Amenewa ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Ngati mwamuna wanu, mwana wanu kapena inu nomwe muli otero, lankhulani ndi adokotala kapena anamwino pa chipatala chomwe muli nacho pafupi, musanamve nkhwangwa ili m'mutu.