Kodi chibowo cha pamimba pa mwana chimatsekedwa liti?

Mwa ana pafupifupi 5,000 aliwonse, mmodzi amabadwa wopanda potulukira chimbudzi. Madokotala amamuboola pamimba n'kutulutsira thumbo panja kuti chimbudzi chizidzera pamenepo. Kuchipatala timati colostomy. Ngati muli ndi mwana wotere kwa Kasisi, kapena mumayendera banja lotere, funso lanu ndi limodzi: adzatseka liti?

Kwa ana ambiri chibowochi n'chongoyembekezera, koma dziwani kuti kutseka ndi opaleshoni yachitatu. Yachiwiri ndi yopanga njira yatsopano kumatako. Ife a m'chigwa cha Shire timatumizidwa ku Mercy James Centre, pachipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, yomwe idatsegulidwa mu 2017. Kalata mumatenga pachipatala cha boma cha Chikwawa.

Opaleshoni yachiwiri ikatha, ntchito yaikulu imatsala m'manja mwanu. Patapita masabata awiri amakuphunzitsani kulowetsa kachitsulo kosalala kotchedwa Hegar m'njira yatsopanoyo, kawiri pa tsiku, n'kumasintha kukula kwake pang'onopang'ono. Mwana amalira, ndipo agogo ake angakudzudzuleni kuti mukumuzunza. Musaleke. Chilonda chikamapola chimakokana, njira n'kuchepa. Dokotala akatseka pamimba njira ili yopapatiza, chimbudzi chimasowa kolowera ndipo chingathe kuphulitsa pomwe asoka. Zikayenda bwino, kutseka kumabwera miyezi iwiri kapena itatu pambuyo pa opaleshoni yachiwiri.

Sikelo nayo ili ndi mawu. Mwana wonyentchera kapena wochepa magazi amabwezedwa kuti akayambe wanenepa, chifukwa thumbo lake silingagwirane msanga. Kuno kwathu, ndi dzuwa la Okutobala, mwana wotsegula m'mimba kudzera pachibowo amatha madzi mofulumira. Thanzi ORS asamasowe m'nyumba. Inu mavolontiya, tsegulani buku la kuchipatala muone tsiku lobwererako, ndipo nkhani ya thiransipoti muyambe kuikamba kudakali mwezi. Tsikulo likaphonyeka, kupeza lina kumatenga nthawi.

Opaleshoni yeniyeniyo siivuta kuimvetsa. Mwana amagonekedwa ndi mankhwala. Dokotala amamasula nsonga ziwiri za thumbo pakhungu, amazilumikiza ndi ulusi, amabwezera m'kati n'kusoka pamimba. Mwana amayamba kuyamwa kapena kudya matumbo akayambanso kuyenda, ndipo ambiri amatuluka pakatha pafupifupi mlungu.

Chimene chimadzidzimutsa makolo ndi matako. Khungu la pamenepo silidakumanepo ndi chimbudzi, ndiye masabata oyamba mwana amachita pafupipafupi, khungu n'kusupuka. Tsukani ndi madzi okha, osakhula, muumitse, mupake mafuta okhala ndi zinc kapena Vaseline wambiri, ndipo thewera lisachedwe kusinthidwa. Mafinya pang'ono pachilonda amachitika, ndipo amachizika. Koma mukaona kutentha thupi, mimba kufufuma, masanzi obiriwira kapena chimbudzi chikutuluka pachilonda, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Nanga adzatha kudzigwira? Ambiri omwe thumbo lawo lidathera pafupi ndi khungu amatha, ngakhale kudzimbidwa kumawavuta. Omwe lidathera kumtunda, kapena ali ndi vuto la msana, amatha kumadziipitsira mpaka msinkhu wa sukulu. Si ulesi, ndipo kumukwapula sikuthandiza. Kauzeni a ku Mercy James. Pali mankhwala ofewetsa chimbudzi, komanso njira yotsuka matumbo kamodzi pa tsiku, yomwe imathandiza mwana kukhala m'kalasi osadziipitsira.