Piyano yamagetsi yoyambira: khutu likuti iyi, chala chikuti iyo

Tsiku limene ndinakhala koyamba pa piyano yeniyeni ndinachita manyazi. Ndinali nditaimba kiyibodi ya kwaya yathu kwa zaka zitatu, ija ya makiyi 61 imene ambiri mumaidziwa, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Atandikhazika pa piyano yamatabwa m'holo ina, nyimbo imene ndinkatha kuiimba nditatsinzina inandikanika. Manoti ena sankamveka n'komwe, ena ankaphulika ngati ndayambana ndi munthu, ndipo tisanamalize vesi yachiwiri kachala kakang'ono ka dzanja lamanzere kanali katatopa. Zala zanga zinaphunzira pa masipiring'i, pomwe piyano imayendera tinyundo.

Nkhaniyi ndi ya aliyense amene akufuna kuphunzira piyano, kapena amene sukulu yake, mpingo wake ngakhale amalume ake a ku Johannesburg akufunsa kuti tigule iti. Piyano yamatabwa, ngakhale yoimirira ija, imatha kulemera makilogalamu 200, imafuna kuchunidwa chaka ndi chaka, ndipo ochuna piyano sapezeka pamsika uliwonse. N'chifukwa chake ambiri amayambira pa yamagetsi: ya makiyi 88, yolemera makilogalamu 10 mpaka 13, yoti munthu mmodzi n'kunyamula. Ndalama yake si yamasewera, ndipo mukalakwitsa mudzakhala nayo zaka zambiri. Tiyeni tione zimene Physics ingatithandize.

Zimene zimachitika mukadina kiyi

Piyano inapangidwa ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700. Chida chimene chinali chotchuka nthawi imeneyo, harpsichord, chinkachita kukodola nsambo, moti kaya mudine mwamphamvu kaya mofatsa, mawu ankatuluka pafupifupi chimodzimodzi. Cristofori anaikamo tinyundo tomenya nsambo. M'Chitaliyana piano ndiye kuti motsitsa, forte ndiye kuti mokweza, ndipo dzina la chidachi linachokera pomwepo: chimatha zonse ziwiri.

Piyano ya masiku ano ili ndi makiyi oyera 52 ndi akuda 36, komanso nsambo zachitsulo pafupifupi 230, chifukwa manoti ambiri ali ndi nsambo zitatu. Kiyi iliyonse ndi lever. Mukatsitsa mbali yanu, mbali inayo imakwera n'kukankha kanyundo kokutidwa ndi ubweya wankhosa wotsendereza. Apa ndiye pagona nkhani: kanyundoko kakatsala pang'ono kufika pansambo, chokakankha chija chimapatuka, kanyundo n'kumaliza ulendo kali kokha, n'kumenya, n'kubwerera. Kachitidwe kameneka amakatcha escapement. Pakanapanda iko, kanyundo kakanakanirira pansambo n'kuiletsa kunjenjemera.

Ganizirani legeni. Mwala ukangochoka m'chikopa, ngakhale mukuwe bwanji simungauwongolenso. Chala chanunso chimalamulira chinthu chimodzi chokha, liwiro limene kanyundo kachokera. Luso lonse loimba motsitsa kapena mokweza lagona pa liwiro limeneli, ndipo kuti mulilamulire pamafunika chinthu cholemerera choti muchikankhe. Kutsitsa kiyi ya piyano pang'onopang'ono kumafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi 50. Tinyundo ta kumanzere, komenya nsambo zonenepa, n'tokulirapo kuposa ta kumanja, choncho makiyi a mabesi amalemererapo.

Sipiring'i ya kiyibodi imachita zosiyana. Mukamaitsitsa imalimbirabe, ndipo imangofuna kukubwezerani chala m'mwamba. Kanyundo kamavuta poyambira, koma kakayamba kuyenda kamapita ndi liwiro lake. Zala zimene zazolowera chimodzi zimasokonezeka pa chinzake, ngati mmene zinachitira zanga.

Nanga m'kati mwa yamagetsi muli chiyani?

Mulibe nsambo. Pansi pa kiyi iliyonse pali kachitsulo kolemera kamene kamakwera mukadina, kutsanzira kanyundo kaja. Palinso masensa, timaswitchi ta labala, awiri kapena atatu, amene amagundidwa motsatizana kiyi ikamatsika. Mtunda wa pakati pawo ndi wodziwika kale, ndiye kakompyuta ka m'katimo kamangoyeza nthawi. Samu yake ndi ija ya Fomu 1: liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi. Nthawi ikachepa, ndiye kuti mwamenya mwamphamvu. Yankho limasandutsidwa nambala yosapitirira 127, malinga ndi MIDI, chinenero chimene zida zoimbira zamagetsi zakhala zikulankhulirana kuyambira 1983.

Sensa yachitatu ili ndi ntchito yake. Pa masensa awiri, kiyi imayenera kubwerera m'mwamba ndithu kuti noti yomweyo iimbikenso. Pa atatu, mutha kuibwereza kiyi itangokwera pang'ono. Chaka choyamba simudzazindikira kusiyana kwake. Mukadzayamba nyimbo zothamanga mudzakumva.

Tsopano tiziyerekeze. Nditenga zinayi zimene zimatchulidwa kawirikawiri kwa oyamba kumene.

Yamaha P-45, imene inatuluka mu 2015, ndi imene mungaipeze mosavuta yogwiritsidwapo kale ntchito. Makiyi ake amawatcha GHS, ali ndi masensa awiri, ndipo oyerawo ndi osalala, moti zala zikachita thukuta zimatererapo. Mu 2023 inalowedwa m'malo ndi P-145, yocheperako thupi, ya makiyi otchedwa GHC. Roland FP-10, ya mu 2019, ili ndi makiyi otchedwa PHA-4 Standard: masensa atatu, pamwamba pokhakhala pang'ono kuti chala chigwire, ndiponso kamfundo kotsanzira escapement kamene mumakamva mukatsitsa kiyi mwapang'onopang'ono. Kawai ES120, ya mu 2022, ili ndi makiyi opepukirapo ndi obwerera msanga. Casio CDP-S110 ndiye yowonda kwambiri: kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita 23 okha, ndipo imalemera makilogalamu 10.5.

Kuwonda kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo amene mwaphunzira ma moments mwaona kale kumene ndikupita. Kankhani chitseko pa chogwirira, chitseguka ndi chala chimodzi. Kankhani pafupi ndi mahinjesi, mufunika phewa. Kiyi nayo ili ndi pivot yake, yobisika m'kati kuseri kwa mbali imene mumaiona. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa pivot. Tiyerekeze kiyi yotalika masentimita 20 kuchokera pa pivot kufika kumapeto. Mukadina masentimita 10 m'kati, mtunda watsala theka, choncho mufunika mphamvu yowirikiza kawiri. Kiyi ikakhala ya masentimita 25, malo omwewo atsala masentimita 15 kufika pa pivot, ndipo mphamvu yofunika ndi yochepera pa kawiri. Piyano yowonda ilibe malo oikamo kiyi yaitali.

Mwina mukuti, aa, ine ndizidina kumapeto basi. Sizitheka. Chala chachikulu n'chachifupi, chapakati n'chachitali, ndipo mukagwira kodi imene ili ndi makiyi akuda, monga A flat kapena E flat amene makwaya athu amawakonda, zala zina zimalowa m'kati zokha. Ngati m'katimo n'molimba kwambiri, manoti a kodi imodzi satuluka mofanana.

Kwa ine, pa zinayizi makiyi a Roland ndi amene amayandikira kwambiri piyano yamatabwa, ngakhale ena amati ndi olemera mopitirira ndipo amachedwa kubwerera. Kawai imakoma m'manja ndipo sitopetsa. Yamaha ili pakatikati, Casio ndiye imalimba msanga mukalowa m'kati. Awa ndi manja anga. Anu akhoza kuweruza mwina.

Za mawu

Mawu a piyano yamagetsi ndi ojambulidwa. Akatswiri amaika maikolofoni pa piyano yaikulu, n'kujambula manoti ake, n'kuwasunga m'kachipangizo. Njira imeneyi ndiyo sampling. Mawu a P-145 anajambulidwa pa Yamaha CFIIIS, a ES120 pa Shigeru Kawai SK-EX, zonsezi ndi piyano zikuluzikulu za m'maholo a makonsati. Roland imasakaniza zojambula ndi masamu owerengera mmene nsambo ingachitire, ndipo njira yawoyo amaitcha SuperNATURAL.

Chovuta n'choti kumenya nsambo mwamphamvu sikungokweza voliyumu. Nsambo imanjenjemera yonse, komanso m'matheka, m'zigawo zitatu, zinayi, mpaka m'tsogolo. Noti ya A ya 440 Hz imatulutsanso mawu a pafupifupi 880 Hz, 1320 Hz ndi ena pamwamba pake, amene timawatcha ma harmonics. Mukamenya mofatsa, ubweya wa kanyundo umakhala wofewa ndipo ma harmonics apamwamba amachepa, mawu n'kukhala ozungulira. Mukamenya mwamphamvu, ubweya umatsenderezeka n'kulimba, ma harmonics aja n'kudzuka, mawu n'kuthwa. Choncho noti iliyonse imayenera kujambulidwa pa mphamvu zingapo. Poyesa, bwerezani noti imodzi kuyambira monong'ona mpaka mokalipa. Piyano yabwino imasintha mtundu wa mawu pang'onopang'ono. Yosalongosoka imangokweza voliyumu, kapena kudumpha mwadzidzidzi ngati galimoto yosintha giya.

Kenaka gwirani noti imodzi ya kumanzere mpaka ithe yokha. Pofuna kusunga malo, opanga amajambula chiyambi chokha, n'kumabwereza kachidutswa kakang'ono kakumapeto uku akutsitsa voliyumu. Mukatchera khutu mumamva mawu aja atauma, osasinthanso.

Pa bokosi mupezanso nambala ya polyphony, kuchuluka kwa mawu amene piyano ingatulutse nthawi imodzi: 64 pa P-45, P-145 ndi CDP-S110, 96 pa FP-10, 192 pa ES120. Poti zala ndi khumi, 64 n'ngachiyani? Mukaponda pedulo, manoti onse amene mwadutsamo amapitirizabe kulira, ndipo mukaphatikiza piyano ndi mawu ena noti iliyonse imadya malo owirikiza. Komabe ogulitsa amaikokomeza nambala imeneyi. Wophunzira wa zaka zoyamba 64 imukwanira.

Chimene chimanyenga anthu kwambiri ndi masipika. Noti yotsikitsitsa ya piyano ndi 27.5 Hz, yapamwamba kwambiri ndi 4186 Hz. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi mumpweya, ndiye gawani 343 ndi 27.5: funde la noti yotsikitsitsayo ndi lotalika mamita oposa 12, kuposa m'litali mwa kalasi yanu. Piyano yamatabwa ili ndi thabwa lalikulu lokankha mpweya wambiri. Sipika yaing'ono ngati sosala, ya mawati 6 monga za P-45 ndi FP-10, singathe kukankha mpweya wokwanira funde lotere. Chodabwitsa n'choti mumaimvabe notiyo. Sipika imatulutsa ma harmonics ake, 55, 82.5, 110 Hz ndi ena, ubongo n'kuona kuti akutalikirana ndi 27.5, n'kudzaza wokha noti yosowayo. Ndi mmenenso mumamvera besi pa foni. Kungoti besi yongoganizira siigunda pachifuwa.

Masipika a FP-10 amayang'ana pansi, moti mukaiika patebulo mawu amatsamwa, pomwe pa mahedifoni imamveka ngati chida china. Kawai, ya mawati 10 mbali iliyonse, imadzaza chipinda bwinopo, ndipo ili ndi mabowo akeake olumikizira ku amplifaya ya kutchalitchi, amene P-45 ndi FP-10 zilibe. Pa izo mumachita kubwereka bowo la mahedifoni. Mawu a Yamaha ndi owala, oti amaboola pakati pa kwaya. Ndiye mukamayerekeza, tengani mahedifoni amodzi omwewo muyesere piyano zonse. Mukapanda kutero mukuyerekeza masipika.

Ndiye tisankhe ndi khutu kapena ndi chala?

Ine ndimati chala chiyambe. Piyano zonsezi zili ndi USB. Tsiku limene mawu ake adzakukwanani, mutha kuilumikiza ku kompyuta kapena foni, manambala a MIDI aja n'kumaimba mawu a pulogalamu ina yabwinopo. Masipika nawo mutha kuwonjezera. Makiyi ndiye simungasinthe, ndipo ndi amene akuphunzitsa minofu yanu tsiku lililonse.

Pali chimodzi chimene chingandigonjetse pa mfundoyi. CDP-S110 imatha kuyendera mabatire 6 a AA, pomwe zinazi zimafuna soketi. Ngati kwanu magetsi amathima nthawi yomwe mwaweruka kusukulu, kapena sanafike n'komwe, piyano ya makiyi afupi imene ikulira iposa ya makiyi abwino imene yangokhala chete.

Mukapeza mwayi woyesa, yambani piyano ili yozimitsa, kuti khutu lisakunyengeni. Dinani kiyi yoyera kumapeto, kenaka m'kati pakati pa makiyi akuda, mumve kusiyana kwake. Sanjikizani ndalama zachitsulo zofanana, ngati mukadali nazo masiku ano, pa kiyi yomalizira kumanzere mpaka itayamba kutsika, muwerenge, kenaka muchite chimodzimodzi kumanja. Ngati makiyi ake akutsanziradi tinyundo, kumanzere kudya zambiri.

Ikakhala yakale, iyatseni ndipo mudine makiyi onse 88, imodziimodzi, mofatsa. Mukapeza noti imene ikuphulika ngakhale mwaisisita, kawirikawiri ndi fumbi. Sensa yoyamba yada ndipo ikugunda mochedwa, pafupifupi nthawi imodzi ndi yotsatira, kakompyuta n'kuwerenga nthawi yochepetsetsa n'kuganiza kuti mwamenya ndi mphamvu zanu zonse. Wodziwa amatha kutsegula n'kupukuta, koma muuzeni wogulitsayo atsitse mtengo. Ndipo ikafika kunyumba, ndi fumbi la mu Okutobala lija, muziifunditsa chitenje mukamaliza kuimba.