Kubira m'mapanga osaya a m'nyanja ya Malawi

Munthu wokulira m'chidikha cha fodya cha ku Kasungu, kumene madzi akuya amene amawadziwa ndi a m'madamu a m'maesiteti kapena a mtsinje wa Bua nthawi ya dzinja, amaona kubira pansi pa nyanja ndi silinda kumsana ngati masewera a alendo akunja, mwinanso ngati kuputa imfa dala. Komatu ntchitoyi ili ndi malamulo ake ochepa ndi omveka, ndipo malo ophunzirira sali kutali, popeza ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi kuli masukulu ophunzitsa anthu amene sanabirepo chibadwire.

Dzina lakuti scuba ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza chipangizo chopumira pansi pa madzi chimene munthu amanyamula yekha, ndipo chimene chimagwiritsidwa ntchito lero chinachokera pa chomwe Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga ku France mu 1943. Ambiri amaganiza kuti m'silindamo muli okosijeni wa kuchipatala, koma mumakhala mpweya wamba womwewu, wokhala ndi magawo 21 pa 100 a okosijeni ndi 78 a nayitulojeni, wothinikizidwa kufika pa mlingo wa 200 bar, ndiye kuti kupanikizika kowirikiza pafupifupi ka 200 kwa mpweya wa pabwalo, kotero kuti silinda ya malita 12 imasunga malita pafupifupi 2,400. Kachipangizo koluma pakamwa, kotchedwa regulator, ndiko kamene kamafewetsa mphamvuyo kuti mpweya ufike m'mapapo mofanana ndi kupanikiza kwa madzi omuzungulira wobirayo.

Zimene obira a m'nyanja ya Malawi amazitcha mapanga kawirikawiri si mapanga enieni aatali ndi amdima, koma mipata ya pakati pa matanthwe akuluakulu osanjikizana, monga imene imapezeka ku Otter Point ndi m'mbali mwa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, m'dera la Lake Malawi National Park limene linakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. M'mipatamo mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timabudula ndere pamiyala ndi kufungatira ana m'kamwa, timadutsa pafupi ndi galasi la kumaso mosaopa, ndipo pansi pa thanthwe nthawi zina pamagona kampango akulondera ana ake. Akatswiri amasiyanitsa malo awiri. Pali khonde la phanga, pamene kuwala kwa dzuwa kumaonekabe ndipo khomo lili poyera, ndiyeno pali m'kati mwenimweni, mmene mdima ndi wa ndiwe yani. Wophunzira amaloledwa kudutsa pampata waufupi ndi wotakasuka umene mbali inayo ikuonekeratu, ali ndi mphunzitsi, pamene m'kati mwenimwenimo mumafuna maphunziro akeake, chingwe cholondolera njira ndi matochi atatu.

Mawu akuti "osaya" ndi amene amapusitsa anthu. Pa mamita 10 alionse madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse wa mlengalenga, ndipo malinga ndi lamulo limene Robert Boyle anafalitsa mu 1662, mpweya umachepa kukula kwake ukapanikizidwa n'kufufuma ukamasulidwa. Choncho mpweya wopumidwa pa mamita 10 umakula pafupifupi kawiri pofika pamwamba, pamene kukwera kuchoka pa mamita 20 kufika pa 10 kumauwonjezera ndi theka chabe. Kusintha kwakukulu kuli m'madzi osaya momwemo, ndipo wochita mantha amene wagwira mpweya m'chifuwa n'kuthamangira pamwamba angathe kung'amba mapapo ngakhale atachokera pa mamita ochepa. N'chifukwa chake lamulo loyamba limanena kuti wobira asaleke kupuma. Kupanikiza komweko ndi kumene kumapweteketsa makutu potsika, ndipo mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kupemerera pang'onopang'ono ululu usanayambe. Wodwala chimfine sangathe kuchita zimenezi, ndiye ayenera kutsala m'boti.

Denga la phanga limachotsa njira imene wophunzira aliyense amadalira, yokwera molunjika zinthu zikavuta. Kuwonjezera apo, pansi pa phanga pamakhala matope osalala amene akhala osagwedezeka kwa nthawi yaitali, ndipo kupalasa kamodzi kosasamala kwa zipsepse za kumapazi kumawadzutsa mpaka munthu kulephera kuona dzanja lake, monga mmene fumbi limakwirira m'chigafa posankha fodya wouma, kungoti pansi pa madzi palibe mphepo yolichotsa. Obira ozolowera amapalasa ngati chule, mawondo atapinda ndipo mapazi ali m'mwamba, ndipo amagawa mpweya patatu: gawo lolowera, gawo lotulukira, ndi gawo losungira mnzawo ngati wake wamuthera. Palibe amene amabira yekha. Awiriwo amalankhulana ndi manja, ndipo apa wophunzira amalakwitsa kawirikawiri, pakuti kuimika chala chachikulu, kumene kumtunda kumatanthauza kuti zonse zili bwino, pansi pa madzi kumatanthauza kuti tikwere. Kuti zili bwino amasonyeza pogunditsa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kupanga kabowo.

Satifiketi yoyamba ya kubira ya bungwe la PADI imalola munthu kufika mamita 18, m'nyanja imene malo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo asanayambe maphunziro amadzaza fomu ya zaumoyo. Fomuyi si yongosayina mwamwambo, makamaka kwa anthu a dera la fodya, chifukwa wosuta kwambiri, wodwala mphumu, kapena amene anadwalapo chifuwa chachikulu angakhale ndi mbali za mapapo zimene zimatsekera mpweya pokwera, ndipo ayenera kuyamba waonana ndi dokotala. Likodzo nalonso lilipo m'magombe ena a nyanjayi, ndipo mankhwala a praziquantel amalichiza.

Pali nkhani imodzi imene mabuku olembedwera anthu a m'mbali mwa nyanja yamchere sakhalitsapo, koma imamukhudza wa ku Kasungu mwachindunji. Nayitulojeni amene munthu amapuma pansi amasungunuka m'magazi ndi m'minofu, ndipo kupanikiza kukachepa mofulumira amatuluka ngati thovu la m'botolo la chakumwa chozizira chikatsegulidwa, n'kuyambitsa kuphwanya kwa m'mfundo, dzanzi, ngakhale kufa ziwalo. Pofuna kupewa zimenezi obira amakwera pang'onopang'ono n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. Koma nyanja ya Malawi payokha ili pamtunda wa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, kupitirira malire a mamita 300 pamene mawerengedwe wamba a nthawi yokhalira pansi amayenera kusinthidwa, ndipo chidikha cha Kasungu chili pamwamba pa mamita 1,000. Wochokera ku Nkhata Bay amakwera chitunda cha ku Mzuzu, kenaka n'kukweranso m'mapiri a Viphya podutsa ku Chikangawa pa msewu wa M1, thupi lake likutayabe nayitulojeni. Bungwe loona za chitetezo cha obira la Divers Alert Network limalangiza kudikira maola osachepera 12 munthu akabira kamodzi, ndi 18 akabira kangapo, asanakwere ndege, ndipo mphunzitsi wanzeru amachenjeza chimodzimodzi za msewu wokwera mapiri. Wa ku Kasungu amene wabira Loweruka masana agone kunyanja komweko, minibasi adzakwere Lamulungu.