Kompyuta Yakale Ingathe Kudzukanso Popanda Floppy

M'maofesi ambiri a makalabu a alimi, makopaletivi ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama muli makompyuta omwe adayamba agwirapo ntchito kwina. Ena adachokera ku mabungwe monga Computer Aid International la ku Britain, lomwe limakonza makompyuta akale ndi kuwatumiza kumaiko osiyanasiyana, kuphatikizapo a muno mu Africa. M'makinawa ndimo mumakhala maina a mamembala, ngongole za feteleza ndi kaundula wa zokolola. Tsiku limene makinawo akana kuyaka, mlembi amasowa mtengo wogwira.

Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kuikamonso pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Magulu ena amakakamirabe Windows XP, yomwe idatuluka m'chaka cha 2001, chifukwa printa yao kapena pulogalamu yao yowerengera ndalama siigwirizana ndi Windows yatsopano. Koma wokonza akaika chimbale cha XP, nthawi zina makina amanena kuti sakuona hard disk, chonsecho ili momwemo.

Gwero la vutoli ndi msinkhu. XP idapangidwa ma hard disk a mtundu wa SATA asanafale, choncho chimbale chake chilibe kapulogalamu kotchedwa driver, komwe kamaithandiza kulankhulana nawo. Njira yomwe kampani ya Microsoft idakonza inali yodina batani la F6 koyambirira ndi kupereka driver kudzera pa floppy, kadisiki kaja kosunga 1.44 MB. Makompyuta ambiri obwera pambuyo pake alibe polowetsa floppy, ndipo kampani ya Sony idaleka kupanga timadisikiti m'chaka cha 2011.

Njira yoyamba yolambalala vutoli siifuna ndalama. Kompyuta ikangoyatsidwa, wokonza amadina F2, F10 kapena Del, malinga ndi mtundu wa makina, kuti alowe mu BIOS. M'menemo amafufuza pomwe palembedwa SATA ndi kusintha AHCI kuti ikhale IDE. Makina ena amalemba Compatibility kapena Legacy. Akatero, XP imaona hard disk ngati yachikale ndipo ntchito imapitirira. Chofunika kukumbukira n'chakuti XP ikalowa, malowa asawabwezerenso pa AHCI, chifukwa sikirini imasanduka yabuluu n'kuonetsa nambala ya 0x0000007B.

Ngati BIOS ilibe posinthira, pali njira yachiwiri, yomwe imafuna kompyuta ina yamoyo. Wokonza amakopera zonse za m'chimbale cha XP, amapeza driver woyenera makinawo kuchokera kwa kampani yomwe idawapanga, kenaka amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya nLite kuphatikiza ziwirizi n'kutulutsa chimbale chatsopano. Chimbalechi sichifunanso floppy. Pomwe palibe ngakhale polowetsa CD, pulogalamu ya WinSetupFromUSB imathandiza kuika XP pa fulashi. Driver wolakwika amabwezera munthu poyambira, choncho nambala ya makina iwerengedwe mofatsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonsezi zisanachitike, komiti ionetsetse kuti mafailo a gulu akopedwa. Kuika pulogalamu mwatsopano kungafufute chilichonse, ndipo ngongole yomwe yasowa m'kaundula imabala mkangano pamudzi. Ngakhale kompyuta isakuyaka, hard disk yake ingathe kuchotsedwa ndi kulumikizidwa ku makina ena kuti zolembedwazo zipulumuke. Nambala ya chilolezo cha XP, yomwe kawirikawiri imakhala pakapepala komatidwa pakompyuta, ilembedwenso m'buku.

Chenjezo lina ndi lakuti Microsoft idasiya kuteteza XP pa 8 April 2014. Kompyuta yotere isalumikizidwe pa intaneti, ndipo fulashi ya mlendo aliyense isamangolowetsedwamo, popeza mavairasi amayenda m'njira zomwezi. Gulu lomwe likufuna kutumiza makalata pa intaneti lingachite bwino kuikamo Linux yopepuka monga Lubuntu, yomwe ndi yaulere ndipo imazindikira SATA payokha, ngati makinawo ali ndi mphamvu zoinyamula.

Khasu likaguluka mpini, mlimi salitaya. Amasema mpini wina. Komiti isanagamule kuti kompyuta ya gulu yatha ntchito, ifunse kaye wokonza ngati wayesa njira zimenezi.