Red Dwarf: tulo ta zaka 3 miliyoni, njala yopulumutsa Kennedy ndi zina zoposa zonse

Pa masewero oseketsa a pa TV onena za maulendo a m'mlengalenga, limene ndimabwererako kawirikawiri ndi Red Dwarf la ku Britain. Linayamba kuonetsedwa pa BBC2 pa 15 Febuluwale 1988, olemba ake ndi Rob Grant ndi Doug Naylor, ndipo pofika 2020 linali litakwana magawo 74. Chimene olembawa ankakonda kwambiri n'kusewera ndi nthawi: kuiimitsa, kuibweza m'mbuyo, kapena kuigawa kuti munthu akumane ndi mnzake wofanana naye wochokera kudziko lina. Mwa magawo oterowo ndatolamo amene anaposa anzake.

Tiyambe ndi tulo totalika. Dave Lister, amene amaseweredwa ndi Craig Charles, anali wantchito wotsikitsitsa m'chombo chokumba miyala m'mlengalenga. Anazembetsa mphaka wa bere kulowa naye m'chombomo, ndipo atakana kumupereka anamulanga kuti akhale miyezi 18 m'kachipinda komwe nthawi siyenda. Ali momwemo, poizoni wa nyukiliya anafalikira n'kupha aliyense. Kompyuta ya chombocho, dzina lake Holly, inadikira kuti poizoniyo athe mphamvu, ndipo inadzamutulutsa patapita zaka 3 miliyoni. Yerekezani ndi Fry wa mu sewero lina lotchedwa Futurama, amene anagona mufiriji zaka 1,000 zokha. Lister anapeza kuti ndiye munthu yekhayo wotsala. Anzake ndi Rimmer, amene anafa koma kompyuta imamuonetsa ngati chithunzi choyenda ndi kulankhula; Cat, mdzukulu wakutali wa mphaka uja amene mtundu wake unasanduka ngati anthu; ndi loboti yaulemu kwambiri yotchedwa Kryten.

Chifukwa chaching'ono kwambiri chimene chinabweretsa mavuto aakulu kwambiri chili mu "Tikka to Ride", gawo lotsegulira mndandanda wachisanu ndi chiwiri, limene linaonetsedwa pa 17 Januwale 1997. Curry yense m'chombo wawonongeka, ndipo Lister sangathe kukhala osadya ndiwo zoyabwazo. Akufuna kugwiritsa ntchito makina oyendera nthawi kuti akagule wina. Kryten akukana, choncho Lister akumuveka mutu wina umene wauchotsa kachipangizo kochititsa munthu kudzimva wolakwa. Makinawo akuwaponya ku Dallas pa 22 Novembala 1963, m'nyumba ya Texas School Book Depository, ndipo mosadziwa akugwetsa Lee Harvey Oswald pa zenera. Pulezidenti John F. Kennedy wapulumuka.

Munthu angaganize kuti achita chinthu chabwino. Koma atalumpha zaka zochepa kutsogolo akupeza mzinda wa Dallas uli zii. M'mbiri yatsopanoyi Kennedy anachotsedwa pampando chifukwa cha chibwenzi ndi mkazi amene analinso wa mkulu wa zigawenga za Mafia. J. Edgar Hoover analowa m'malo mwake, zigawengazo zinamugwira pakhosi, dziko la Soviet Union linaika mabomba a nyukiliya ku Cuba, ndipo anthu anathawa m'mizinda ikuluikulu. Pamenepa pali nthabwala yonyansa kuposa zonse m'seweroli: Kryten, popeza alibenso chikumbumtima, akuwotcha mtembo wa munthu amene anaupeza mumsewu n'kudyetsa anzake, iwo n'kumayesa nkhuku.

Njira imene anakonzera zinthu ndiyo yolimba mtima kuposa zonse zimene Doug Naylor analemba. Lister akupita kukakumana ndi Kennedy wa m'mbiri yopotokayo, pamene Kennedyyo akutengeredwa kundende pa bwalo la ndege la Idlewild, lomwe m'dziko lathu lenileni linasinthidwa dzina kukhala la John F. Kennedy mu Disembala 1963. Akumufotokozera kuti akafa ku Dallas dzina lake lidzakumbukika mwaulemu ndipo dziko lidzapulumuka. Kennedy akuvomera, akubwerera ku 1963 atavala ngati wapolisi, akuima kuseri kwa mpanda pa kachitunda ka udzu kamene anthu akhala akukanganirana kwa zaka zambiri kuti mwina panali wowombera wachiwiri, ndipo akudziwombera yekha. Kenako akuzimiririka. Mphindi imeneyo ilibe phwete. Sewero limene linayamba ndi munthu wolira curry likufika pa funso lolemera: kodi munthu angasankhe imfa yaulemu m'malo mwa moyo wamanyazi? Gawoli linali loyamba kuonetsedwa Rob Grant atachoka, ndipo linajambulidwa popanda anthu oonerera mu situdiyo, mosiyana ndi mmene zinkachitikira kale. Okonda seweroli ambiri amati mndandanda umenewu ndi wofooka. Pa magawo ena ndikuvomereza, koma pa ili ayi.

Dziko lozondoka kwambiri lili mu "Backwards" la 1989. Kryten akuyesedwa kuyendetsa kachombo kakang'ono ka Starbug, iye ndi Rimmer akugwera m'dzenje la nthawi n'kutulukira pa dziko lapansi pomwe zonse zimayenda chambuyo. Chikwangwani cha mumsewu chalembedwa Nodnol, ndiye kuti London wowerengedwa chobwerera. Ife timati madzi akatayika saoleka, koma kumeneko amaoleka: anthu amalavula chakudya n'kuchibwezera m'mbale, mowa umachoka m'kamwa n'kudzaza tambula. Lister akufika ali ndi diso lotupa ndi nthiti yopweteka osadziwa chifukwa chake, mpaka ndewu ya m'bala itachitika chobwerera, zibakera n'kumachotsa mabala m'malo mowabweretsa. Rimmer ndi Kryten akulikonda dzikolo chifukwa akufa kunkhondo amadzukanso. Lister akuwakumbutsa kuti kumeneko Father Christmas amalowa m'nyumba kudzalanda ana zoseweretsa.

Pa nkhani ya chibale chosokoneza mutu, Lister alibe mnzake. Mu "Parallel Universe" la 1988 akupita kudziko limene akazi ndi amuna anasinthana udindo, akugona ndi mkazi amene ndi iye mwini wa kumeneko, ndipo amene akutenga pakati ndi iyeyo. Anabereka mapasa, Jim ndi Bexley. Mu "Ouroboros" la 1997 zikudziwika kuti khanda limene linapezeka m'katoni pansi pa tebulo la pool m'bala ya Aigburth Arms ku Liverpool linasiyidwa ndi Lister yemweyo, ndipo iye ndi bambo wa iye mwini. Futurama inadzachita zofanana mu 2001, pamene Fry anakhala agogo ake a iye mwini mu "Roswell That Ends Well", gawo limene linapata mphoto ya Emmy. Koma Lister anatsogola ndi zaka zinayi.

Za mphoto ndi chiwerengero ndinene mwachidule. "Gunmen of the Apocalypse" la 1993 linapata International Emmy mu 1994. Mndandanda wachisanu ndi chitatu wa 1999 unaonedwa ndi anthu oposa 8 miliyoni, chiwerengero chachikulu kwambiri m'mbiri ya seweroli. Litakhala chete zaka khumi, linabweranso mu 2009 pa kanema wotchedwa Dave ndi "Back to Earth", ndipo oonera oposa 2 miliyoni anaphwanya mbiri ya kanemayo.

Koma gawo limene ndimaliika pamwamba pa onse ndi "Dimension Jump" la 1991. Rimmer amene timamudziwa ndi wamantha, wansanje, wolephera mayeso a uofesala kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amanena kuti akanapatsidwa mwayi ngati anzake akanakhala munthu wamkulu. Ndiye pakutulukira Ace Rimmer, wochokera kudziko lina, woyendetsa zombo wolimba mtima amene aliyense amamukonda. Onse awiri amaseweredwa ndi Chris Barrie, ndipo luso lake likuonekera pa kaimidwe ndi mawu okha: nkhope ndi imodzi, anthu ndi awiri. Ace wathyoka mkono pa ngozi, koma akukonza injini ya Starbug ndi kuthandiza Cat amene wavulala mwendo. Rimmer wathu akudana naye nthawi yomweyo, n'kumaumirira kuti mnzakeyo ndiye anapatsidwa mwayi umene iye anamanidwa.

Chakumapeto Ace akuululira Lister pomwe njira zawo zinasiyanira. Ali ana, mmodzi anabwereza kalasi, wina anapitirira. Amene anabwereza ndi Ace. Manyazi okhala wamtali kuposa ana onse m'kalasi anamuchititsa kulimbikira. Amene anakankhidwira kutsogolo popanda kuyenera anakula akuloza ena chala. Aliyense amene anaonapo mwana akubwerera m'kalasi yomweyo anzake atapita, mutu uli pansi, amvetsa chifukwa chake mphindi imeneyi imandigwira mtima kuposa ya Kennedy. Ace anabweranso mu 1997, ndipo mu "Skipper" la 2017 Rimmer analumpha maiko ambirimbiri kufunafuna limene iye ali wopambana, koma pa magawo awiriwa palibe limene linafika pa loyambalo.

Ngati simunaonerepo Red Dwarf, yambani ndi "The End", gawo loyamba lenileni, kuti muwadziwe anthuwa. Mukatero pitani pa "Dimension Jump", kenako "Tikka to Ride". Lililonse mwa magawo atatuwa ndi la pafupifupi theka la ola.