Petulo amasungunula chiyani? Phunziro kuchokera ku Mchinji

Chiyambire kusowasowa kwa mafuta agalimoto mu 2022, petulo walowa m'makomo mwathu. Ku Mchinji, boma lochita malire ndi Zambia pa Mwami, mafuta akasowa anthu ena amakawapeza ku Chipata, ndipo amagulitsidwa m'zigubu ndi m'mabotolo kwa anyamata a kabaza. Ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota timachitanso chimodzimodzi pofuna mafuta a injini za maboti. Choncho tiyenera kumudziwa mlendo amene tikugona naye m'nyumbayu.

Petulo amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo amasungunula zinthu za mtundu wake: girisi, oyilo, phula la pamsewu, penti wa oyilo ndi zomatira zina. Mchere sausungunula, ndipo ndi madzi sagwirizana. Amangoyandama pamwamba chifukwa ndi wopepuka. Khalidwe limeneli likutikhudza m'njira zitatu.

Yoyamba ndi twahara. Pochita wudhu madzi ayenera kufika pakhungu, ndipo penti wouma amawatchinga. N'chifukwa chake amakaniko ndi opaka penti ambiri amasamba m'manja ndi petulo nthawi ya Swala ikakwana. Pentiyo amachokadi, koma petulo sasankha: amasungunulanso mafuta achilengedwe oteteza khungu, manja n'kuyamba kuuma ndi kung'aluka. Mulinso mankhwala otchedwa benzene, amene amalowa m'thupi popuma ndi kudzera pakhungu, ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi. Njira yabwino ndi kupaka mafuta ophikira, kutikita mpaka penti atafewa, kenako n'kutsuka ndi sopo. Pachilonda kapena m'mutu mwa mwana wa nsabwe, petulo asayandikirepo n'komwe.

Yachiwiri ndi posungira. Timabokosi toyera topepuka tija amaikamo tchipisi timasungunuka nthawi yomweyo tikakhudzana ndi petulo, ndipo mphira wamba amafufuma n'kuyamba kudontha. Chigubu cha mafuta ophikira sichisungunuka, koma petulo amalowerera m'pulasitiki yake. Ngakhale tichitsuke kangati, tisasungiremonso madzi akumwa kapena a wudhu. Botolo la zakumwa lokhala ndi petulo limanyenga ana. Mwana akamwa tisamusanzitse, chifukwa petulo akalowa m'mapapo ngozi imakula. Tithamangire naye kuchipatala. Nthunzi yake imalemera kuposa mpweya, imayenda chapansi mpaka kukapeza mbaula kapena kandulo. Moto wa petulo sitithira madzi, amangouwanditsa. Tiufotsere ndi mchenga.

Yachitatu ndi malonda. Parafini ndi dizilo zimasungunuka mu petulo osaonekera ndi maso. Kusakanikirana kumeneku n'kumene kumathandiza msodzi kuthira oyilo mu petulo wa injini zina za boti, komanso n'kumene wogulitsa wachinyengo amabisalako. Wa kabaza amene wagula lita yosakaniza amazindikira njinga itayamba kutsokomola utsi ali kale pakati pa Kamwendo ndi Mkanda, ndipo msodzi amazindikira injini itazima pakati pa nyanja. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, kotero petulo wosungidwa nthawi yaitali m'chigubu chosatseka bwino amadikha madzi pansi.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Mutaffifin, ikuchenjeza mwamphamvu anthu opungula miyeso, ndipo Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaletsa kubisa chilema cha katundu. Kuthira parafini mu petulo ndi chinyengo, ndipo phindu lake ndi haraam. Tikumbukenso kuti kugulitsa mafuta kumafuna chilolezo cha bungwe la MERA.

Thupi ndi ana athu ndi amaana imene tidzafunsidwa. Amene sangachitire mwina koma kusunga petulo, amuike m'chigubu chopangidwira mafuta, chotseka bwino, kunja kwa nyumba yogona, pamthunzi, kutali ndi moto ndi ana. Allah atiteteze ife ndi mabanja athu. Ameen.